Kodi makamera akale a DSLR akadali ndi ntchito masiku ano?

Wongoyamba_kumene wafunsa:

Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna kuyamba kujambula ndi kamera yeniyeni, osati foni, ndipo amene thumba langa lingathe ndi makamera a DSLR, aja okhala ndi kalilole m'kati ndi lenzi yosinthika, ogwirapo kale ntchito: Nikon D90, D7000, D700, Canon 600D, 7D kapena 5D Mark II. Onsewa adutsa zaka khumi. Chikundikayikitsa n'chakuti Canon ndi Nikon anatembenukira ku makamera opanda kalilole, aja amati mirrorless, ndipo ena akuti kugula DSLR lero n'kutaya ndalama m'madzi.

Ndikufuna kumajambula anthu, zochitika za m'nyumba monga misonkhano ndi zikondwerero, malo, komanso kavidiyo apo ndi apo. Kodi mamegapikiseli 12 kapena 18 akukwanabe? Nanga ndikaipeza kamerayo, ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama? Ndithandizeni nzeru.

Diso_la_Nkhwazi wayankha:

Takulandirani achimwene. Pa zithunzi, makamera onse mwatchulawo akadali ndi ntchito. Pa vidiyo nkhani ndi ina, ndifikako.

Tiyambe ndi mamegapikiseli, poti ndi amene amazunguza anthu mitu. D700 imatulutsa chithunzi cha mapikiseli 4256 m'litali ndi 2832 m'lifupi. Mukachisindikiza pa mapikiseli 300 pa inchi, womwe ndi mulingo wa zithunzi za m'magazini, chimakwana masentimita 36 ndi 24, ndiye kuti pepala la A4 chalidutsa kale. Kuti chidzaze A3 chimatsikira cha m'ma 240 pa inchi, ndipo chikakhala pakhoma palibe angaone kusiyana. Sikirini ya 4K ili ndi mamegapikiseli 8.3 okha. Pomwe 12 amachepa ndi pamene mwajambula chinthu chakutali n'kufuna kudula chithunzicho: mukadula theka m'litali ndi theka m'lifupi simutsala ndi 6 ayi, mumatsala ndi 3. Kwa ojambula mbalame limenelo ndi vuto lalikulu. Inu wojambula anthu mungosendera pafupi.

Chimene foni sinafikebe ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi. Ya D700 ndi 5D Mark II ndi mamilimita 36 ndi 24, yofanana ndi filimu ya 35mm. Ya D90 ndi D7000 ndi pafupifupi 24 ndi 16, ya 600D ndi 7D ndi 22.3 ndi 14.9. Sensa ya mafoni apamwamba, ija amati ya inchi imodzi, ndi 13.2 ndi 8.8, ndipo mafoni ambiri safikapo n'komwe. Sensa yaikulu imatunga kuwala kochuluka, choncho sipafunika kuti pulogalamu izisalaza nkhope mpaka khungu kuoneka ngati lopaka phula.

Koma makamera akale si a gulu limodzi. Aja a sensa ya CCD, monga D40, D70, D80 ndi D200, amatulutsa mitundu yokongola panja dzuwa likuwala, koma mukadutsa ISO 800 (ISO ndi nambala imene mumakweza kuwala kukachepa) chithunzi chimadzaza timadontho tangati mchenga. Pa zochitika za m'nyumba asiyeni. D90, 600D ndi 7D zimapirira mpaka ISO 1600 bwinobwino, 3200 movutikira. D7000 imaposa pamenepo pang'ono. D700 ndi 5D Mark II pa 3200 zilibe nkhawa, ndipo 6400 imagwiritsika ntchito. Pali kusiyana kwina kumene ambiri sakudziwa: sensa za Canon za nthawi imeneyo sizikonda kuti muziwalitsa malo amdima pa kompyuta. Mukakweza ndi masitopu awiri kapena atatu (sitopu imodzi ndi kuchulukitsa kuwala kawiri), timizere timayamba kuoneka mumthunzi. D7000 imalola kukweza koteroko popanda vuto lenileni. Choncho pa Canon muzionetsetsa kuti kuwala kwakwana pojambula pomwepo, muziyang'ana histogram, kachithunzi koonetsa kuchuluka kwa mdima ndi kuwala, osati kuwala kwa sikirini, poti sikirini imanama.

Muzijambula mu RAW, fayilo yosunga zimene sensa yaona kamera isanazikonze. Ubongo wa m'kamera umene umapanga JPEG ndi wa 2008 kapena 2010, pomwe fayilo ya RAW imakonzedwa ndi mapulogalamu a lero. Lightroom inalandira chochotsera timadontho chamakono mu 2023, DxO PureRAW imachitanso ntchito yomweyo, ndipo aulere alipo: darktable, RawTherapee, NX Studio ya Nikon ndi Digital Photo Professional ya Canon. Onsewa amawerengabe mafayilo a RAW, NEF a Nikon ndi CR2 a Canon, malinga ndi kampani yake. Chithunzi cha ISO 6400 chimene kale anthu ankachitaya, lero chimatuluka chabwino.

Tsopano pomwe ukalamba umaonekera. Choyamba ndi fokasi. Makamera atsopano amapeza okha diso la munthu n'kulitsata kulikonse pa chithunzi. Amene mwatchulawa sachita zimenezo posuzumira. 5D Mark II ndi 600D zili ndi timadontho ta fokasi 9, D90 ili ndi 11, ndipo pa zonse zitatuzi kadontho kapakati kokha ndi kamene kali ka mtanda, kutanthauza kuti kamagwira mizere yoima ndi yogona yomwe. Tam'mbalito mumdima timasakasaka osapeza. D7000 ili ndi 39, 7D ili ndi 19 tonse ta mtanda, D700 ili ndi 51. Ngati mudzajambula anthu akuvina kapena ana akuthamanga, D700 ndi 7D ndiye zoyenera. Ambiri amaika fokasi pa diso ndi kadontho kapakati kenako n'kupotoza kamera kuti akonze chithunzi. Zimatheka, koma pa f/1.8, pomwe khomo la kuwala la mu lenzi latseguka kwambiri, munthu ali pafupi, kupotoza kumeneko kumasuntha fokasi kuchoka pa diso kupita cha kukhutu. Tsekani pang'ono kufika f/2.8, kapena sankhani kadontho kamene kali pafupi ndi disolo.

Chachiwiri ndi vidiyo. D700 sijambula vidiyo ngakhale pang'ono. D90 ndi imene inali DSLR yoyamba kujambula vidiyo, mu 2008, koma ndi ya 720p ndipo imaima pakatha mphindi 5. D7000 imafika 1080p, mphindi 20. 5D Mark II imajambula 1080p yokongola, koma fayilo ikakwana 4GB, pafupifupi mphindi 12, imaima. Vuto lenileni n'lakuti pojambula vidiyo kalilole amakhala m'mwamba, chipangizo cha fokasi yachangu sichikuona kanthu, ndiye fokasi muziizunguza ndi dzanja. Canon anakonza zimenezi kuyambira pa 70D mu 2013. Komanso ma DSLR a Canon ndi Nikon alibe chochepetsa kunjenjemera m'kati mwa kamera, chimakhala mu lenzi yolembedwa IS kapena VR basi. Kavidiyo kanu ka apo ndi apo, foni yabwino ikuchitirani zoposa.

Pa batire ndiye DSLR imawina. Pa muyeso wa CIPA, bungwe la opanga makamera, D7000 imajambula zithunzi 1,050 pa batire limodzi, D700 1,000, 5D Mark II 850. Ma mirrorless oyamba a sensa yaikulu a Canon ndi Nikon, a mu 2018, sankapitirira 400, chifukwa sensa ndi sikirini zimakhala zoyaka nthawi yonse.

Tikonze_Makamera wayankha:

Zimene anena a Diso_la_Nkhwazi n'zoona, koma iwo akukamba za mtundu wa kamera. Ine ndikambe za kamera imodziyo imene mudzaigwire m'manja, poti ma D7000 awiri otuluka mwezi umodzi, ina ikhoza kukhala yatsopano m'kati ina yotheratu. Pitani ndi khadi lanu, tochi, ndi laputopu ngati ilipo. Theka la ola likwana.

Mu DSLR muli zinthu ziwiri zimene zimayenda nthawi iliyonse mwadina batani: kalilole amanyamuka, makatani a shutter amatseguka n'kutsekeka. Zimenezi ndiye zimatha. Opanga amanena chiwerengero cha zithunzi chimene anayesera: D90 ndi 100,000, pomwe D7000, D700, 7D ndi 5D Mark II ndi 150,000. Chiwerengerochi si tsiku la maliro a kamera. Zambiri zimachidutsa kutali, zina zimafa zisanafike. Chimangokuthandizani kudziwa kuti kamerayo yagwira ntchito yochuluka bwanji. Pa Nikon n'chosavuta kuona: jambulani chithunzi, chitsegulani ndi ExifTool, yang'anani mzere wa ShutterCount. Chithunzicho chichokere pa khadi mwachindunji, chifukwa chikadutsa pa WhatsApp kapena Facebook zolembedwa zam'katizo zimafufutika. Ma Canon a gulu limeneli salemba chiwerengerochi m'chithunzi, mpaka mulumikize kamera ku kompyuta ndi chingwe cha USB n'kugwiritsa ntchito pulogalamu ngati gphoto2. Musanamizidwe ndi nambala ya fayilo, monga IMG_4521. Imeneyo ikafika 9999 imayambiranso, ndipo aliyense akhoza kuibwezera poyambira. Chiwerengero chikakhala chochepa koma penti ya m'makona yasupuka, labala yogwirira ikumatuka, zilembo za pa mabatani zafufutika, khulupirirani thupi la kamerayo.

Yesani shutter motere. Ikani pa M, pomwe mumasankha nokha liwiro la shutter, lozetsani kumwamba kopanda mitambo kapena pa khoma lowala mofanana, jambulani pa 1/4000 ya sekondi, kenako 1/8000 ngati ilipo. D90 ndi 600D zimathera pa 1/4000. Mukaona mbali imodzi ya chithunzi yada, kapena chimzere chowala chodutsa chopingasa, makatani ayamba kutha, ndipo vutoli limayambira pa liwiro lalikulu kenako n'kutsika. Ikaninso pojambula motsatizana, gwirani batani zithunzi khumi, mvetserani. Kulira kwake kukhale kofanana kuyambira choyamba mpaka chomaliza.

Sensa: tsekani lenzi kufika f/16 kapena f/22, ISO yotsikitsitsa, chotsani fokasi dala, jambulani pepala loyera uku mukugwedeza kamera pang'ono kuti zapapepalazo zisaoneke. Chitsegulani pa 100%. Timadontho totuwa tozungulira ndi fumbi, limachoka, musaope. Timphete tokhala ndi mkombero wakuda ndi mafuta ochokera ku shutter kapena kwa kalilole, amachokanso koma amabwerera ngati gwero lake silinakonzedwe. Kamzere kowongoka kosasuntha ndi kukalika kwa galasi lotchinga sensa, pamenepo bwezani kamera. Kenako vindikirani lenzi, zimitsani Long exposure NR mu menyu, ikani ISO 1600 ndi masekondi 30. Timadontho tofiira kapena tabuluu towerengeka n'tachibadwa pa kamera yakale ndipo mapulogalamu a RAW amatibisa okha. Koma mzere wathunthu wochoka pamwamba kufika pansi ndi sensa yowonongeka.

Kuyesa kwina kumene ambiri amadumpha: jambulani khoma lomwe lija kanayi, f/4 pa 1/500, f/5.6 pa 1/250, f/8 pa 1/125, f/11 pa 1/60. Zinayi zonsezi ziwale mofanana. Pa Nikon, khomo la kuwala la mu lenzi limatsekedwa ndi kachitsulo kamene kali m'kati mwa kamera cha kumanzere mukaiyang'ana kutsogolo. Munthu akakakamiza lenzi molakwika kachitsuloka kamapindika, ndipo zithunzi zimayamba kutuluka zina zowala zina zakuda popanda chifukwa.

Fokasi nayo iyesedwe, ndipo nachi chifukwa. Mu DSLR chipangizo cha fokasi sichili pa sensa. Chili pansi, chimalandira kuwala kudzera pa kakalilole kachiwiri kobisala kuseri kwa wamkuluyo. Kakalilole kameneka kakasuntha pang'ono chabe, kamera imati yapeza fokasi pomwe yagwera kumbuyo kapena kutsogolo kwa chinthucho. Matani nyuzipepala pakhoma, kamera ikhale pa tripod kapena patebulo mamita awiri kuchokera pakhomapo ngati lenzi ndi ya 50mm, tsegulani lenzi yonse. Jambulani chimodzi mukusuzumira, china ndi Live View, mukuyang'ana pa sikirini. Cha Live View ndiye choona, poti fokasi yake imachokera pa sensa penipeni. Chinacho chikasiyana nacho pang'ono, D7000 ndi D700 zili ndi AF fine tune, 7D ndi 5D Mark II zili ndi AF Microadjustment, kuyambira -20 mpaka +20. D90, 600D ndi 60D zilibe, moti zikakhala ndi vutoli mpaka kwa wokonza.

Tochi ija ntchito yake ndi iyi. D700, 7D ndi 5D Mark II zimalowa khadi la CF, ndipo m'kati mwa polowetsera muli timapini 50. Unikani. Kapini kamodzi kakapindika n'kukhudza kanzake, kakhoza kuwotcha bolodi. Khadi la CF likakana kulowa musalikankhe. Pa SD, D90 inapangidwira makadi a SDHC osapitirira 32GB, pomwe D7000 ndi 600D zimawerenga SDXC. D7000 ili ndi polowetsa makadi awiri, ndipo mukhoza kuiuza kuti izilemba chithunzi chilichonse pa onse awiri. Kwa munthu wojambula zochitika zosabwerezeka, chimenecho n'chachikulu. Unikaninso mokhala batire. Zoyera ngati mchere kapena zobiriwira pa zitsulo ndi umboni wakuti munalowa madzi, ndipo kamera yotero imafa mwadzidzidzi ngakhale lero ikugwira bwino.

Batire lakale muliwerengere kuti latha. D90 ndi D700 zimalowa EN-EL3e, D7000 EN-EL15, 7D ndi 5D Mark II LP-E6, 600D LP-E8. Mabanja a EN-EL15 ndi LP-E6 anapitirira mpaka mu ma mirrorless, choncho kupeza latsopano n'kosavuta. Mu menyu ya Nikon muli Battery info imene imaonetsa ukalamba wa batire kuyambira 0 mpaka 4, ndipo 4 ndi lotha. Batire lotupa limazungulira ngati nguli mukaliika patebulo, limenelo musalilowetse. Ngati 7D kapena 5D Mark II ikuiwala deti, si vuto lalikulu, ndi kabatire kakang'ono ka CR1616 kamene katha.

Za zilembo zoopsa pa sikirini: Err 01 pa Canon ndi kusamvana kwa lenzi ndi kamera, nthawi zambiri kupukuta timapini tagolide ndi kansalu kouma kumathetsa. Err 20 ndi Err 30 ndi za kalilole ndi shutter, kamera yotero isiyeni. FEE pa Nikon imangotanthauza kuti mphete ya pa lenzi yakale sinatsekeredwe pa nambala yaikulu kwambiri, monga 22. CHA ndi ya khadi. Mukadzakumana ndi mitundu ina pofufuza, dziwani kuti D600 inatchuka ndi fumbi ndi mafuta pa sensa, 5D yoyamba ya 2005 kalilole wake ankamatuka, ndipo Pentax K-30 ndi K-50 zimakonda kufa kachipangizo kotsekera khomo la kuwala, zithunzi n'kumatuluka zakuda.

Kumbukirani kuti makamera a msinkhu umenewu opanga ake anasiya kapena akusiya kuwasungira zipangizo. Shutter ikafa, okonza amachotsa pa kamera ina yakufa, ndipo nthawi zambiri kukonzako kumaposa mtengo wa kamerayo.

Lenzi_Patsogolo wayankha:

Abambo awiriwa atha mawu onse pa kamera, lenzi osaitchula. Ndalama zanu zambiri zipite ku lenzi achimwene. 600D yokhala ndi 50mm f/1.8 ijambula nkhope yabwino m'nyumba kuposa 5D Mark II yokhala ndi zumu yotchipa ya f/5.6. Kuchoka pa f/5.6 kufika f/1.8 ndi masitopu oposa atatu, kuwala kolowa kumachuluka pafupifupi kakhumi. Pomwe mukanafuna ISO 6400, mukhala cha pa 640.

Ndipo pano ndikusiyana pang'ono ndi a Diso_la_Nkhwazi. Kwa woyamba kumene, D700 ndi 5D Mark II si zimene ndingalimbikitse. D700 yokha popanda lenzi imalemera pafupifupi kilogalamu, ndipo malenzi a sensa yaikulu ndi olemera komanso okwera mtengo. Kamera imene ikulemerani mudzaisiya kunyumba. D7000 ndi AF-S DX 35mm f/1.8G ndi poyambira pabwino kwambiri pa mndandanda wanuwo. Pa sensa yaing'ono ya Nikon muzichulukitsa ndi 1.5, pa Canon 1.6, choncho 35mm imaona ngati 52mm, yoyenera zochitika za m'nyumba, ndipo 50mm imaona ngati 75mm kapena 80mm, yoyenera nkhope koma yopanikiza m'chipinda chaching'ono.

Misampha ya malenzi ili pa Nikon kwambiri, ngakhale kuti polumikizira pake, F, sipanasinthe mawonekedwe kuyambira 1959. Lenzi kulowa sikutanthauza kuti igwira. Malenzi a AF ndi AF-D alibe mota m'kati, amazunguzidwa ndi kasikuluu kochokera m'kamera. D90, D7000 ndi D700 zili nako, ndiye malenzi akale otsika mtengo ngati AF 50mm f/1.8D amagwira bwino. Makamera a D3000 ndi D5000 ndi abale awo onse alibe, pamenepo fokasi ndi yamanja. Mbali inayi, malenzi atsopano a AF-P DX sagwira pa D90, D7000, D3100 kapena D5100, ngakhale kuzunguza ndi dzanja sikusuntha kanthu poti mpheteyo imadalira magetsi. Malenzi a isanafike 1977 amene sanasinthidwe kukhala AI musawakakamize pa D7000 kapena D700, amathyola kampheto kowerengera khomo la kuwala. Lenzi ya DX, yopangidwira sensa yaing'ono, pa D700 imalowa, koma chithunzi chimatsika kufika mamegapikiseli 5.

Canon ndi yosavuta: lenzi iliyonse ya EF kuyambira 1987 imagwira pa onse atatu mwatchulawo. EF-S ndi ya sensa yaing'ono yokha, pa 5D Mark II silowa. Ma FD akale salowa popanda adaputala, ndipo sapindulitsa. Pa 50mm f/1.8 sankhani ya STM ya 2015, ili ndi polumikizira pachitsulo ndipo fokasi yake ndi yodalirika kuposa ya II yapulasitiki ija.

Zoti mukutaya ndalama chifukwa DSLR yatha, onani motere. N'zoona kuti 1D X Mark III, D6 ndi D780 zinatuluka mu 2020 ndipo kuchokera apo mphamvu za makampani awiriwa zili ku ma mirrorless awo, a RF kwa Canon ndi a Z kwa Nikon. Pentax ndi amene anapitiriza, K-3 Mark III inatuluka mu 2021. Koma kusamuka kwa anthu kumeneku ndi kumene kwadzaza msika ndi malenzi abwino ogwirapo kale ntchito. Ndipo malenziwo adzakutsatani. Ma EF amagwira zonse pa makamera a RF kudzera pa adaputala ya Canon. Ma AF-S ndi AF-P amagwira pa makamera a Z kudzera pa adaputala ya FTZ, koma ma AF-D pamenepo amataya fokasi yodziyendera. Ngati mukuganiza zodzasamuka, pa Nikon muzigula AF-S.

Poyesa lenzi, ichotseni pa kamera, unikani tochi kuchokera kumbuyo mopendekera. Timafumbi tochepa tili mu lenzi iliyonse ndipo sitioneka pa chithunzi. Choopsa ndi tiulusi toyera tangati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ndi chifunga chofalikira pagalasi lonse, chimene chimachititsa zithunzi kuoneka zosuluka. Timapeni ta khomo la kuwala tikhale touma. Tikanyezimira mafuta timachedwa kutseka, zithunzi n'kumawala mopitirira.

Musaiwale fulashi yoika pamwamba yokhala ndi mutu wopindika. Mukailozetsa kudenga loyera pa ISO 800, f/4, 1/125, nkhani yonse ya timadontho ta mchenga m'nyumba yatha, ngakhale pa D90.

Wongoyamba_kumene wayankha:

Zikomo kwambiri akuluakulu, zikomo achemwali, mwanditsegula maso. Ndapeza ziwiri: D7000 ya chiwerengero 92,000 ndi D700 ya 165,000, zonse zapambana mayeso a shutter ndi fokasi. D7000 ili ndi timadontho ta fumbi tambiri pa f/22, komanso ndikasuzumira ndikuona timadontho tina takuda. Nditenge iti? Nanga fumbilo ndingachotse ndekha?

Tikonze_Makamera wayankha:

Tengani D7000. Ya 165,000 ija ikhoza kupitirira zaka, koma yadutsa kale malire oyesedwa, ili ndi polowetsa khadi limodzi, sijambula vidiyo, ndipo ikakhala kamera yanu yokhayo pa chochitika cha anthu, mukusewera paulimbo. Ikanakhala yachiwiri m'chikwama, bwenzi ndikunena zina.

Timadontho timene mukutiona posuzumira sitili pa sensa. Tili pa kagalasi kosalala mbuu kamene kali pamwamba pa kalilole, ndipo pa chithunzi sititulukapo. Kauzireni mpweya basi. Kagalasi kameneko ndi kapulasitiki wofewa, mukakapukuta kamakalika mpaka kalekale. Kalilolenso musamukhudze, siliva wake ali pamwamba osati kuseri ngati wa kalilole wodziyang'anira.

Za sensa, yambani ndi Clean image sensor mu menyu, kawiri kapena katatu. Zikakanika, dzazani batire kaye. Izi si zamasewera: batire likatha muli m'kati, makatani amatsekeka n'kumenya chimene mwalowetsacho. Sankhani Lock mirror up for cleaning, chotsani lenzi, dinani batani, zondotsani kamera kuti kamwa liyang'ane pansi, ndipo pemererani ndi kampira kopopera mpweya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, nsonga yake isalowe kudutsa polumikizira lenzi. Osauzira ndi pakamwa, malovu amasiya zipsera. Osagwiritsa ntchito mpweya wa m'chitini, umalavula madzi ozizira kwambiri. Zimitsani kamera kuti kalilole atsike, jambulaninso pepala lija pa f/22.

Totsalato ndi tomatirira, tofunika kupukuta. Gulani timitengo topukutira sensa ta APS-C, kutanthauza sensa yaing'ono ngati ya D7000, ta mamilimita 16, ndi madzi ake enieni. Dontho limodzi kapena awiri pa nsonga, dikirani masekondi angapo kuti alowerere, kokani kamodzi kuchokera mbali ina kufika mbali inayo osanyamula, tembenuzani, bwererani ndi mbali youmayo, kenako tayani. Kamtengo kamodzi ndi ka ulendo umodzi. Mukakabwereza mukukhwekhwereza mchenga umene mwatola pagalasi. Madzi akachuluka amasiya mikwingwirima, ndipo mankhwala ake ndi kamtengo kena kokhala ndi dontho limodzi. Musalimbane ndi kadontho kalikonse. Kotsala pakona pa f/22 sikaoneka pa f/4 kapena f/5.6 pomwe muzijambulira anthu.

Posunga, mdani wamkulu ndi chinyezi ndi mdima. Chuku chimamera chinyezi chikamakhala pamwamba pa 60% kwa nthawi yaitali, makamaka m'chikwama chachikopa kapena chansalu chotsekedwa. Ikani kamera ndi malenzi m'bokosi lapulasitiki lotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel ndi kachipangizo koyezera chinyezi, chizikhala pakati pa 40% ndi 50%. Silica gel yosintha mtundu ikadzaza imaumitsidwa n'kugwiranso ntchito. Ngati kamera ikhala mwezi osagwira ntchito, chotsani batire lili cha pa theka, koma muzilibwezeramo masiku awiri pakapita miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa wotchi ya D7000 ili ndi kabatire kake kam'kati kamene kamadzazidwa kuchokera ku lalikululo.

Makadi gulani awiri a 32GB, muwafomatire m'kamera momwemo osati pa kompyuta, ndipo mu menyu, pa Role played by card in Slot 2, musankhe Backup.